Wometa wa ku Ndende ndi Mauthenga Ake

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse za a Lumo mpaka lero: kodi ankadziwa kuti akunama, kapena mumtima mwawo ankaona ngati akupereka uthenga monga momwe awatumira? Ife amene tinadutsa kusukulu ya mishoni tinaphunzitsidwa kuti bodza ndi bodza ngakhale ulidzoze mafuta, choncho sindikulemba izi kuti ndiwatame. Owatama alipo kale okwanira, ndipo ena mwa iwo ndi omwe aja ankafuna kuwaswa mutu. Ine ndingofotokoza zimene zinachitika.

A Lumo anali wometa. Dzinali anawapatsa ndi anthu amene ankawameta, ndipo la ubatizo linafota chifukwa chosaitanidwa. Anali bambo wamfupi, moti pometa anthu ataliatali ankaponda pa kathabwa. Mutu wawo unali dazi lokhalokha, ndipo wina akawaseka ankayankha kuti wogulitsa wabwino sasunga katundu. Kachipinda kawo kanali pakati pa wokonza njinga ndi sitolo ya misomali ndi maloko. Munali mpando umodzi wa wometedwa, mwendo wake wina womangidwa ndi waya, benchi ya odikira, kalilole wong'aluka pakona, ndi thabwa loikapo zipeso, sizasi, burashi ndi botolo la sipiriti. Kuseri kwa katani kunali bedi, mbaula ndi sutikesi. Akazi awo anamwalira kalekale asanawasiyire mwana. M'bale yekhayo amene ankadziwika anali mlongo wawo wogulitsa mbale ndi makapu kumsika, yemwe ankabwera Lolemba lililonse kudzasesa tsitsi ndi kudzawakalipira.

Mpingo wathu unali ndi kagulu koyendera akaidi Loweruka lililonse. Wotsogolera anali mkulu wa mpingo, bambo wamtali wa mawu ngati belu, ndipo pambuyo pake pankabwera amayi oimba ndi ena onyamula sopo ndi mabuku a nyimbo. A Lumo anapempha kulowa m'kagulumo tsiku lina akumeta ndevu za mkulu wa mpingoyo. Anapempha lumo lili pansi pa chibwano, ndipo mkuluyo, amene nthawi zonse ankati zinthu zizidzera kukomiti, tsiku limenelo anavomera pomwepo.

Kulalikira sankatha. Kupemphera anawapatsako kamodzi. Anapempherera akaidi, anapempherera asilikali a ndende, agalu a asilikaliwo, oweruza milandu kuti azigona mokwanira, ndi nyemba za kukhitchini kuti zizipsa. Belu lotulutsa alendo linalira ali mkati mopempherera mapaipi a madzi. Kuyambira pamenepo anawasiyira ntchito yawo yometa.

Pachipata ankasiya lumo, sizasi ndi kalilole m'manja mwa msilikali, pakuti zonsezi ndi zocheka. Ankalowa ndi makina ometera a pamanja, chipeso, ndi nsalu yomanga pakhosi. Ankavundikira ndowa mumthunzi wa khoma, mkaidi n'kukhalapo, ntchito n'kuyamba, uku mkulu wa mpingo akulalikira mbali ina ya bwalo. Mzere wa kwa a Lumo unkatalika kuposa wa kuulaliki. Mkulu wa mpingo ankaziona, koma anazisenza ngati mtanda wake. Tsiku lina pobwerera anawafunsa ngati pometapo amatchulako dzina la Ambuye. A Lumo anayankha kuti iwo ntchito yawo ndi yososa, odzala ndi ena. Mkuluyo analitembenuza yankholi njira yonse, osapeza polidzudzulira.

Popeza kalilole kunalibe, aliyense akametedwa ankafunsa mmene akuonekera. A Lumo ankabwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu, n'kunena kuti munthuyo akuoneka ngati mkwati. Ngakhale amene mutu wake unali wa zitunda ndi zigwa ngati msewu wa nthawi ya mvula, nayenso anali mkwati. Akaidi ankaseka, komabe ankachoka pandowapo akuyenda mosiyanako ndi mmene anabwerera.

Munthu akaweramitsa mutu kuti amumete m'khosi, pakamwa pamamasuka. Zimene akaidi sankanena kwa mlaliki ankazinong'oneza kwa wometa, ndipo zambiri zinali mauthenga: mukauze mayi anga, mukauze mkazi wanga, mukamuuze mng'ono wanga uja. Kunyamula mauthenga sikunali kololedwa, koma asilikali nawo anali ndi mitu, ndipo a Lumo ankawameta pomaliza osawalipiritsa. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi ankavala chipewa n'kuyamba kuzungulira makomo, milomo ikugwedera njira yonse. Anthu ankati bambowa ndi opemphera. Kunali kukonza mawu.

Pakuti uthenga ukalowa mwa a Lumo sunkatuluka mmene unalowera. Ankauchita zimene ankachita ndi mutu: uku kudula, uku kusalaza, pena kupesera tsitsi pa dazi. Mkaidi wina anawatuma kuti akafunse mayi ake ngati akuyesa iye anafa, popeza shuga anasiya kubweretsa. A Lumo anakauza mayiwo kuti mwana wawo akuti asavutike kuyenda ndi miyendo yawo yotupayo, kungoti akamamwa tiyi wopanda shuga amakumbukira tiyi wa amake, misozi n'kulengeza. Mawa lake mayi anali pachipata ndi shuga.

Anali nawo malamulo awoawo. Uthenga woopseza mboni, kapena wonena kumene kunabisidwa katundu wakuba, ankaumvetsera mwaulemu n'kuusiya pachipata. Za maliro ndi matenda sankasinthako ngakhale liwu limodzi. Pakhomo la mkazi wa mkaidi ankakhala panja, poonekera, ndipo tiyi sankabwereza. Koma mkwiyo wa anthu apabanja, mwano wa ana kwa makolo, matemberero a pachibale, zimenezo ankaziona ngati tsitsi losapesa limene Mulungu wawaikira patsogolo.

Nkhani ya dalaivala ndiyo inawakulira.

Dalaivalayu ankayendetsa lole ya maulendo ataliatali, ndipo anamangidwa chifukwa chopopa dizilo wa abwana ake n'kumagulitsa m'njira. Akazi ake, amake mapasa, anali telala wosokera pakhonde la nyumba yawo ya lendi. Tsiku la chigamulo anakhala pabenchi yakutsogolo akulira. Ali mkati molira anamva wina kumbuyo akulira kuwaposa. Atacheuka anaona mtsikana wobereka mwana, ndipo makutu a mwanayo anali a dalaivala, osachita kufunsa. Amake mapasa anapukuta misozi, ananyamuka, ndipo kundende sanapondeko phazi.

Mapanga awiri avumbwitsa. Mtsikana uja sanachedwe kupeza wa lole ina. Kwawo kwa dalaivala kunali kutali, makolo anatha, ntchito inathera pa dizilo paja. Lendi ankalipira ndi amake mapasa ndi makina awo. Ndiye kuti tsiku lotuluka, munthuyu anali ndi khomo limodzi lokha pa dziko lonse lapansi, ndipo khomolo linali lotseka. A Lumo anazimva zonsezi makina ali m'khosi mwake, ndipo anatsimikiza mumtima kuti khomolo alitsegula.

Dalaivala sanawathandize. Anali munthu wa khosi lalikulu, lozolowera kuweramira makina ometera okha. Uthenga wake woyamba unali wakuti mkaziyo asayerekeze kugulitsa jekete lake lachikopa, ndipo wailesi asabwereke aliyense.

A Lumo anapeza amake mapasa akupalasa makina, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Anavula chipewa, anakhala pa kampando ka makasitomala, anayamikira diresi limene linkasokedwa, kenako anatsitsa mawu.

"Bambo a ana akuti chimene chikuwapweteka si ndende ayi. Akuti ndi manyazi amene anakuchititsani pamaso pa anthu."

Makina sanaime. Amake mapasa analavulira mapini m'dzanja.

"Mukamuuze kuti jekete lake ndinagulitsa. Akatuluka apite kwa wa mwana wamakutu uja."

A Lumo anadabwa njira yonse kuti anthu apabanja amayankhana ndithu ngakhale mthenga atabisa funso. Loweruka anauza dalaivala kuti katundu wake yense ali m'manja abwino, ndipo amake mapasa sanathe kulankhula zambiri chifukwa mtima unadzaza. Za manja abwinozo ankaona kuti sananame kwenikweni, pakuti wogula jekete anali wabutchala waulemu wake.

Miyezi inapita motero. Dalaivala akatuma mwano, pakhonde pankafika kulapa. Pakhonde pakachoka temberero, kundende kunkafika moni wa ana ndi langizo lakuti azifunda, kunja kwazizira. Kenako kunachitika chinthu chimene a Lumo okha ndiwo ankachiyembekezera. Munthu akamakhululukidwa sabata ndi sabata asanapepese, amayamba kusowa mtendere. Dalaivala anasiya ndewu za pamzere wa chakudya. Anayamba kukhala kutsogolo paulaliki, n'kumaimba besi, ndipo mkulu wa mpingo anamutchula m'tchalitchi monga chipatso cha Mawu.

Tsiku lina, mutu uli pansi, anang'ung'udza kuti lamba wa makina osokera akadzaduka mkaziyo asagule wina, alipo amene iye anasunga pamwamba pa kabati, kuseri kwa nyale yakufa. A Lumo anauona uthengawu kuti ndi wouma, koma anasowa poukongoletsera, ndiye anaupereka mmene unalili. Amake mapasa anangonyamuka. Analowa m'nyumba, kunamveka mpando ukukokedwa, ndipo anatuluka ndi lamba m'manja ndi fumbi pamphuno. Sabata yotsatira anapatsa a Lumo sopo wokulunga m'kansalu, n'kunenetsa kuti si wa munthuyo ayi, ndi wa nsabwe zake.

Mlongo wa a Lumo zimenezi sizinkamusangalatsa. Tsache lili m'manja, ankawakumbutsa kuti kandimverere anakanena za m'maluwa.

"Achimwene, anthuwatu tsiku lina adzakumana. Adzakhala pansi, uyu anene zake, uyu zake. Inu mudzalowa kuti?"

"Pofika tsikulo adzakhala atazolowera kukondana, achemwali. Tsitsi likazolowera mzere silivutanso kupesa."

"Ine zokalira kuchipatala ndakaniratu."

Mwina zikanatha bwino akanadziwa polekera. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nthawi yotuluka itayamba kununkhira, amake mapasa anaimitsa makina, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense, n'kuika mfundo yawo. Ngati munthuyo walapadi monga a Lumo akunenera, adzagwade pabwalo la nyumbayo anthu akuona, pakuti manyazi nawonso anawachititsa anthu akuona. Akadzagwada, khomo n'lotsegula. Akapanda kugwada, abwerere kumene akuchokerako.

Loweruka lotsatira, a Lumo asanatsegule n'komwe pakamwa, dalaivala anayamba ndiye. Anati waganiza mozama monga Mkhristu, ndipo wamukhululukira mkazi wake chifukwa chosabwera kudzamuona nthawi yonseyi. Chotsala n'chakuti mkaziyo adzapepese yekha ndi pakamwa pake, makamaka pakhale anthu, kuti nkhani ithe bwino.

A Lumo anayang'ana khosi lija, anayeza ndi maso mtunda wochoka pamenepo kufika pansi, n'kuona kuti ntchito ilipo. Anauza dalaivala kuti n'zodabwitsa, amake mapasa anena zomwezo: adzapepesa pabwalo, anthu akuona. Mawa lake anauza amake mapasa kuti bambo a ana avomera ndi misozi, ndipo ayamba kale kuyeserera pasimenti, moti mawondo asupuka.

Maganizo awo anali akuti m'miyezi yotsalayo aziphwesa mfundo ziwirizi pang'onopang'ono, kugwada kusanduke kuwerama, kupepesa kusanduke kutsokomola, mpaka aliyense aiwale zimene ankafuna. Chimene sanachiganizire ndi khalidwe labwino limene iwo omwe anadzala. Akuluakulu a ndende anaona munthu wosiya ndewu, woimba besi, ndipo anamudulira masiku. Nkhaniyi inabwera ndi msilikali wa pachipata amene anadzametetsa kukachipinda kuja, n'kuwauza a Lumo mokondwera kuti mnzawo uja atuluka mkucha. Makina anadyako khutu la msilikali pang'ono.

A Lumo atapukuta magazi ndi sipiriti anafunsa mwaulemu ngati palibe njira yomusungirako munthuyo mwezi wina umodzi. Msilikaliyo anati wagwira ntchito nthawi yaitali, waona ampingo akupempha zosiyanasiyana, koma wopempha kuti mkaidi awonjezeredwe masiku sanamuonepo. A Lumo anathamangira kwa amake mapasa kukafotokoza kuti kugwada kwa m'nyumba, chitseko chotseka, ndiko kumene Malemba amayamikira. Amake mapasa anati Malemba akunena zoona, koma anthu aitanidwa kale.

M'mawa wa tsikulo a Lumo anali pachipata. Anauza dalaivala kuti mwamuna sangakaonekere kwa mkazi wake ndi ndevu za kundende, n'kumutengera kukachipinda kwawo. Anamumeta ndevu, anamupakanso thovu n'kumeta pometa kale, anasalaza nsidze, anadula tsitsi la m'mphuno ndi la m'makutu, uku akusuzumira panja ngati kungabwere mvula yobalalitsa anthu. Kumwamba kunali mbee. Dalaivala anali asanadzione pa kalilole chimangidwireni. Anamuyang'ana mkwati uja nthawi yaitali, masaya olowa, mutu wa makwerero, kenako anayang'ana a Lumo.

Kunyumba amake mapasa anali atakonzeka. Pabwalo panali posesa bwino. Akulu awo anabwera, mayi wathupi amene makutu ake ankamva zonong'onezana za m'nyumba yachitatu. Mwini nyumba anatulutsa mpando wake. Amayi a pampopi anasiya ndowa zikusefukira. Mapasa anawatumiza kwa azakhali awo. Pakati pa bwalo amake mapasa anayala mkeka, chifukwa pansi panali miyala, ndipo iwo sanali munthu wankhanza.

Dalaivala ataona khamu ndi mkeka, mtima unamusungunuka. Ananong'oneza a Lumo kuti sanayembekezere kuti mkaziyo afika mpaka pogwada, ndipo samusiya agwade nthawi yaitali. Anakaima mbali ina ya mkeka, manja kumbuyo, nkhope ya munthu wokonzeka kukhululuka. Amake mapasa anaima mbali inayo, manja pachifuwa, nkhope yomweyo.

Aliyense anadikira mnzake. Mwini nyumba anatsokomola. Nkhuku inakwera pamkeka, inaima, n'kupitirira.

A Lumo anavula chipewa n'kulengeza kuti anthu awiriwa mitima yawadzaza kwambiri, choncho ndi bwino mawu ayambe adzera mwa iwo monga mwa masiku onse. Anapita kwa amake mapasa n'kutchera khutu. Mayiwo anafunsa, mano ali olumana, kuti munthuyo akudikira chiyani, mawondo aja si akuti anazolowera. A Lumo anazungulira mkeka n'kuuza dalaivala kuti amake mapasa akuti wawala, ndipo mawu akuwakanika pakhosi. Dalaivala anati ayambe basi, dzuwa likuwotcha pometa. A Lumo anazunguliranso n'kunena kuti bambo a ana akuopa kudetsa mkeka wokongola ndi fumbi la kundende.

Njira imeneyi inkayenda bwino pamene pakati panali khoma ndi tauni yonse. Tsopano pakati panali mkeka basi.

"Sizimene anena alamu," anatero akulu awo aja. "Ine ndamva. Alamu, tisatayitsane nthawi, ndasiya mphika pamoto. Mugwada kapena simugwada?"

"Ndigwade ine? Si awa akupepesa?"

"Ndipepese ine?" anafunsa amake mapasa, mawu ali pansipansi. "Ndipepese chiyani? Makutu a mwana uja ndinasoka ndine?"

Pamenepo msoko wonse unayamba kumasuka. Dalaivala anafunsa za jekete, n'kuuzidwa kuti likuyenda ndi wabutchala kuyambira kalekale, ndipo likumukhala. Amake mapasa anafunsa za misozi yosaphwa ija, dalaivala n'kuyankha kuti chimene chinkamuliza chinali nsikidzi. Iye anafunsa za chithunzi chake chimene akuti mayiwo ankagona nacho pansi pa pilo. Amake mapasa anati chithunzicho anachipinda n'kutsamiza mwendo wa makina kuti asamagwedere. Za kusala kudya pofuna chikhululukiro cha mkazi wake, dalaivala anayamba kuzimva tsiku lomwelo. Amayi a pampopi anasendera pafupi. Mwini nyumba anakoka mpando.

Atatha kufunsana, onse awiri anatembenukira kwa a Lumo, amene pofuna kubwerera m'mbuyo anapezeka ataima pamkeka penipeni, chipewa chili m'manja.

"Bambo inu," anatero amake mapasa, "ndi Baibulo lomwe lija m'khwapa?"

"Mayi, ine ndinkangochotsa zimene zinaphuka mopitirira. Mutu ndi womwewo."

Dalaivala anati kukanapanda kuti wangotuluka kumene, akanabwerera komweko ndi mlandu watsopano. Amake mapasa anati asavutike, iwo sanapiteko, atha kumuimirira. Aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane pa chinthu chichokereni kukhoti. Anawazinga a Lumo, uyu mbali iyi uyu mbali iyo, wina akayamba mawu mnzake n'kumalizitsa, wina akaiwala bodza lina mnzake n'kumukumbutsa. Kenako amake mapasa anacheuka n'kuona kuti khamu lawonjezeka, ena akwera pampanda, wogulitsa nthochi watula dengu.

"Mwasowa ntchito kwanu?" anafunsa khamulo. Palibe anasuntha. "Bambo a mapasa, lowani m'nyumba. Pano pali makutu. Tikaunike bwino mabodza a mkuluyu, kuyambira loyamba."

Dalaivala analowa. Chitseko chinatsekedwa. Akulu awo aja anapinda mkeka akudandaula kuti asiya mphika pachabe, ndipo a Lumo anavala chipewa n'kutuluka, osathamanga, osacheuka.

Kuunika mabodza kunatenga masabata. Dalaivala ankagona pafupi ndi makina osokera, pamulu wa zidutswa za nsalu, ndipo m'mawa ankatunga madzi ndi kukagula ulusi, uku mlandu ukupitirira. Akuti m'katikati anapeza mauthenga angapo amene analidi oona, koma palibe mwa awiriwo amene anavomera pagulu kuti ndi ati. Kugwada sanagwade, kupepesedwa sanapepesedwe. Kutuluka sanatulukenso.

Kwa a Lumo ndiye kunada. Nkhani inafika kumsika tsiku lomwelo, kundende mawa lake. Loweruka akaidi anakhalabe pamzere, koma aliyense akapatsidwa moni wochokera kwawo ankafunsa kuti anenadi chiyani. Wina atauzidwa kuti akuoneka ngati mkwati anaitana mnzake kuti amuyang'ane. Mkulu wa ndende analamula kuti wometa azimeta chete, msilikali ataima pambali. Pakachipinda paja pankabwera azimayi, osati kudzametetsa ana, koma kudzafunsa kuti pa zonse zija zoona zinali ziti. Mayi wina wokalamba anafunsa ngati mwana wake ananenadi kuti amawakonda. Ananenadi, ndi pakamwa pake, ndipo a Lumo analumbira. Mayiwo anagwedeza mutu, anawathokoza chifukwa cha mtima wawo wabwino, n'kumapita osakhulupirira. Wokonza njinga akuti tsiku limenelo a Lumo anatseka dzuwa likanali pamutu.

Mpingo nawo unakhala pansi. Ena anati lamulo la mboni yonama lilibe kakhomo ka kuseri kolowera anthu a mtima wabwino. Ena anati tiyeni tiyende m'makomo tione mabanja amene akanatha. Mkulu wa mpingo zinamuvuta kwambiri, chifukwa chipatso cha Mawu chija anali atachilalikira kale mobwereza. Pomaliza anagwirizana zochita zonse ziwiri Lamulungu limodzi: a Lumo aimirire kutsogolo, adzudzulidwe, akhale pansi, aimirirenso, athokozedwe ndi kupatsidwa bulangete. Atauzidwa, a Lumo anati zimenezo n'zanzeru kwambiri, ndipo adzafika molawirira.

Masiku otsalawo anayenda kutsanzika, koma kwa aliyense payekha, n'kumupempha kuti asunge chinsinsi. Mlongo wawo anauzidwa kuti achimwene ake apeza mayi wamasiye wa nyumba ya njerwa, ndipo mlongoyo analira ndi chimwemwe kuti tsache lapeza mwini. Mkulu wa mpingo anauzidwa kuti mwambo ukangotha a Lumo akupita kusukulu ya Baibulo kukaphunzira kulankhula zoona. Msilikali wa pachipata anamva kuti aitanidwa kulikulu kukameta mabwana. Amake mapasa anauzidwa kuti adokotala awalamula kukapuma kutali chifukwa mtima unagwedezeka tsiku lija, ndipo mayiwo anakhutira kwambiri. Dalaivala anauzidwa kuti akupita kumalire kukamufunira jekete lachikopa.

Lamulungu bulangete linali patebulo, ulaliki wa mbali ziwiri unali wokonzeka, koma pabenchi pamene a Lumo ankakhala panali popanda munthu. Panja pa tchalitchi osunga chinsinsi aja anayamba kuyang'anana, aliyense akumvera mnzake chisoni kuti sakudziwa kanthu, mpaka mlongo uja analephera kupirira. Zinsinsi zitaikidwa pamodzi zinaloza mbali zonse za dziko.

Kachipinda anakapeza kosesa, makiyi ali kwa wokonza njinga, mpando uli pomwepo, koma zipeso, makina ndi sutikesi palibe. Womaliza kuwaona a Lumo anali wogulitsa manyuzipepala kudepoti. Akuti m'mawa umenewo panali mabasi awiri oloza kosiyana, ndipo a Lumo anaima pakati pake, sutikesi ili pansi, mutu wopendeketsa, akumvetsera kondakitala ndi mayi wina amene ankatukwanizana za katundu. Wamanyuzipepala anawerama kuti amasule mtolo watsopano. Atadzutsa mutu, a Lumo panalibe, ndipo mabasi onse awiri anali atanyamuka.